Mwasiya kulipira dishi koma bandulo ikutha pa sabata: poyambira kukonza

Mwezi umene ndinasiya kulipira dikoda ndinkayenda mapewa ali m'mwamba. Ndinauza mayi a ana kuti ndalama ya dishi ija tsopano izipita ku ufa ndi mafuta ophikira, kanema tizionera pa intaneti ngati mmene achitira anzathu. Ndinagula bandulo yomwe ndinkati itifikitsa kumapeto kwa mwezi, ndinalumikiza TV ku rauta (kachipangizo kogawa intaneti m'nyumba pa Wi-Fi), ana n'kukhala pamkeka kuyamba makatuni awo. Patangotha masiku 6 uthenga unalowa pa foni kuti data yatha. Ndinagulanso. Pofika pa 20 ndinali nditagula katatu, ndipo nditakhala pansi ndi cholembera ndinapeza kuti ndawononga ndalama zoposa zomwe ndinkapereka ku dikoda. Mayi a ana sananene kanthu, anangondiyang'ana kenako n'kupitiriza kusankha nyemba.

Ambiri a ife maganizo amenewa anatifikira mu 2023. Mu Ogasiti chaka chimenecho kampani ya MultiChoice inalengeza kuti ikuchotsa DStv m'Malawi chifukwa cha mkangano wake ndi bungwe la MACRA pa nkhani yokweza mitengo. Inabwerera mu Disembala khoti litagamula, koma apo n'kuti kwacha itagwa kale ndi 44 peresenti mu Novembala, ndipo chilichonse chogulidwa ndi madola chinali chitakwera. Chaka chomwecho Starlink, kampani ya intaneti ya pa setilaiti, inayamba kugwira ntchito m'dziko muno, nkhani ya kuonera kanema pa intaneti n'kukhala pakamwa pa aliyense. Ena zinawayendera. Ena, monga ine, tinangosamutsa chibowo cha m'thumba kuchoka kumanzere kupita kumanja.

Chimene sindinachimvetse poyamba ndi ichi. Dishi imakulipiritsani kamodzi pa mwezi, kaya TV iyake usana ndi usiku, kaya ikhale yovundikira ndi kansalu. Intaneti ya bandulo imakulipiritsani pa ola lililonse limene chithunzi chikuyenda. Ndipo m'nyumba zathu TV timaisandutsa wailesi: imayaka m'mawa, wina akusesa panja, wina akuchapa, palibe akuiyang'ana koma ikulankhula yokha. Pa dishi chizolowezi chimenecho sichipweteka. Pa bandulo ndi mpopi wosiyidwa wotsegula.

Bandulo ikutha msanga

Musanayambe kukalipira ana kapena kutukwana kampani ya mafoni, yesani kaye. Onani data yomwe yatsala, zimitsani Wi-Fi pa mafoni onse a m'nyumba, onerani kanema ola limodzi lathunthu pa TV, kenako onaninso yomwe yatsala. Kusiyana kwa manambala awiriwo ndiye mtengo weniweni wa ola limodzi m'nyumba mwanu.

A Netflix eni ake amanena kuti ola limodzi limadya pafupifupi 0.3GB mukasankha chithunzi chotsika kwambiri, mpaka 0.7GB pa chapakati, mpaka 3GB pa HD (chithunzi chapamwamba), ndi mpaka 7GB pa 4K (chapamwamba koposa). Tsopano werengerani. Banja loonera maola 5 pa tsiku pa HD likhoza kudya 15GB tsiku limodzi, ndiye kuti 450GB pa mwezi. Banja lomwelo, maola omwewo, pa chithunzi chapakati ndi 105GB. Pa chotsika kwambiri ndi 45GB. Filimu ndi yomweyo, nthabwala ndi zomwezo, koma bilu yasiyana kakhumi.

Choseketsa n'chakuti netiweki ikakhala yabwino m'pamene bandulo imafa msanga. Mapulogalamu monga Netflix ndi YouTube amabwera atayikidwa pa Auto, kutanthauza kuti akaona kuti intaneti ikuthamanga amadzikwezera okha chithunzi mpaka pamwamba, osakufunsani. Pa Netflix lowani mu akaunti yanu kudzera pa Chrome kapena msakatuli wina, pitani pa Playback settings, musankhe Medium kapena Low. Kumbukirani kuti izi zimasinthidwa pa dzina la munthu aliyense payekha. Mukasintha lanu lokha, la ana litsala likudya monga kale. Pa YouTube ya pa foni pali Video quality preferences pomwe mungasankhe Data saver. Pa YouTube ya pa TV dinani kachizindikiro ka giya kanema akuyenda, musankhe 480p kapena 360p (nambala ikachepa, chithunzi chimatsika ndipo data imadyedwa pang'ono), ndipo muziyang'anako nthawi ndi nthawi chifukwa imakonda kubwerera ku Auto.

Wina anena kuti ndiye chithunzi chiipa. Pa TV ya mainchesi 32, mutakhala pa sofa mbali ina ya chipinda, 480p imaoneka bwinobwino, ndipo ana oonera makatuni sadziwa n'komwe kuti mwasintha kanthu. Ine HD ndimaisungira filimu ya Loweruka madzulo basi.

Mukachita zimenezo koma data n'kumathabe, ndiye kuti pali akuba a m'nyumba momwe. Woyamba ndi Autoplay. Mwana amagona pa mkeka, YouTube n'kumapitiriza yokha kanema pambuyo pa kanema mpaka tambala kulira. Zimitsani. Wachiwiri ndi TV yeniyeniyo, kapena kabokosi ka Android kamene mwalumikiza kuti TV izionetsa za pa intaneti: kamadzitsitsira zatsopano pakati pa usiku, nthawi zina zolemera ndithu. Lowani mu Settings muzimitse Auto-update, ndipo ngati TV yanu ili ndi Data Saver iyatseni. Wachitatu ndi mafoni. Foni ikangoona Wi-Fi imaganiza kuti yafika ku ukwati: imayamba kutumiza zithunzi zonse ku Google Photos, kutsitsa mavidiyo a m'magulu a WhatsApp, kukonzanso mapulogalamu, ndipo mtsikana wanu wa Fomu 3 ali kuchipinda pa TikTok mwakachetechete.

Wachinayi amawawitsa mtima. Pansi pa rauta pali kapepala komata kolembedwa adiresi ya manambala, kawirikawiri yoyamba ndi 192.168, pamodzi ndi dzina ndi pasiwedi yolowera. Lembani adiresiyo pa foni yolumikizidwa ku rautayo, mulowe, muone mndandanda wa zipangizo zomwe zikugwiritsa ntchito intaneti yanu. Kwathu tili ndi mafoni 4 ndi TV imodzi. Pa mndandanda ndinapeza zipangizo 11. Mwana wanga wamng'ono anali atagawa pasiwedi kwa anzake a mpanda wonse posinthana ndi mafiriziizi. Ndinasintha pasiwedi, ndipo tsopano ndimailemba ndekha pa foni ya aliyense, osaitchula pakamwa.

Onetsetsaninso mtundu wa bandulo yomwe mukugula. Ya WhatsApp ndi Facebook yokha siitsegula YouTube kapena Netflix, ndipo pa malayini ena bandulo ikatha foni imayamba kudya mayunitsi pa mtengo wokwera. Mu SIM ya mu rauta musamasiyemo mayunitsi ongokhala. Mabandulo otchedwa "unlimited" nawonso muziwerenga timalemba take tating'onoting'ono: ambiri mukafika pa mlingo winawake amatsitsa liwiro, ndiye mwezi umatha muli pa intaneti koma kanema osayenda.

Njira ina yopulumutsira ndi kutsitsiratu mafilimu usiku, ngati layini yanu ili ndi mabandulo otchipa a usiku. Koma pano pali msampha umene wakola ambiri. Netflix imalola kutsitsa pa foni ndi pa tabuleti, osati pa TV. Ndipo mukafuna kuonetsa zomwe zili pa foniyo pa TV pogwiritsa ntchito screen mirroring, nthawi zambiri mumamva mawu okha chithunzi chili bii, chifukwa mafilimuwo ndi otetezedwa kuti asakopedwe. Si TV yanu yawonongeka. Chimodzimodzi, pulani yotchipitsitsa ya Netflix, ija ya Mobile, imagwira pa foni ndi tabuleti pokha. Musailipire poganiza kuti banja lonse lionera pa TV ya pabalaza.

Kabwalo kaja kakungozungulira

Filimu yafika pokoma, wakuba watsegula chitseko, kenako chithunzi chaima, pakati pali kabwalo kakuzungulira. Apa funso ndi lakuti vuto lili panja kapena m'nyumba. Tsegulani fast.com, tsamba loyezera liwiro la intaneti, pa foni yolumikizidwa ku Wi-Fi yanu, muyese kanayi: masana mutaima pafupi ndi rauta, masana mutaima pafupi ndi TV, kenako mubwereze zomwezo cha m'ma 7 koloko madzulo. Kuyesaku nakonso kumadyako data, choncho musakuchite ngati masewera. Malinga ndi a Netflix, 720p imafuna liwiro la 3 Mbps (muyeso umene fast.com imaonetsa), 1080p imafuna 5 Mbps, 4K imafuna 15 Mbps.

Ngati pafupi ndi rauta liwiro lili bwino koma pafupi ndi TV latsika, vuto ndi la m'nyumba. Ambiri timabisa rauta kuseri kwa TV, kapena m'kabati ya magalasi pamodzi ndi mbale za alendo, kuti ana asaigwire. Makoma a njerwa ndi zitsulo zimafooketsa Wi-Fi. Itulutseni, muiike pamalo okwera, poyera. Ngati ndi rauta ya SIM, iyeseni pa mawindo osiyanasiyana a nyumba mpaka mutapeza pomwe timizere ta netiweki tikudzaza. Kwathu ndi pa windo la kukhitchini, pamwamba pa shelefu ya mchere, ndipo ikukhala pomwepo mpaka lero ngakhale mayi a ana amadandaula. Marauta ena amaonetsa mayina awiri, lina la 2.4GHz lina la 5GHz. La 5GHz limathamanga koma silidutsa bwino makoma, la 2.4GHz limafika patali. TV ikakhala chipinda chimodzi ndi rauta sankhani 5GHz. Koposa zonse, ngati TV ndi rauta zili ndi pobayira chingwe cha netiweki, gulani chingwecho, muiwale za makoma.

Ngati masana zikuyenda koma madzulo liwiro lagwa paliponse, vuto si lanu. Nthawi imeneyo dera lonse laweruka ndipo aliyense ali pa nsanja imodzimodziyo ya netiweki. Kusuntha rauta sikuthandiza kwenikweni. Tsitsani chithunzi, kapena bwerekani SIM ya kampani ina muyese madzulo awiri atatu musanagule bandulo yaikulu. Kampani yomwe ikuthamanga ku Area 25 ikhoza kukhala ikukwawa ku Area 36, choncho za mnzanu wa kuntchito musazitenge ngati lamulo.

Ngati liwiro lili bwino ponseponse koma TV ikungodzikoka, kabokosi kapena TV yadzaza. Chotsani mapulogalamu omwe simuwagwiritsa ntchito, chitani Clear cache pa otsalawo, zulani pulagi kukhoma, dikirani mphindi imodzi, mubwezeretse.

Magetsi abwera koma mapulogalamu akukana kutseguka

Ili linandizunguza mutu kwa masiku awiri. Magetsi anathima monga mwa nthawi zonse, atabwera Wi-Fi inalumikizika bwinobwino, foni ikugwira, koma pa TV YouTube ikuti palibe intaneti. Ndinazimitsa ndi kuyatsa rauta mpaka chala kuwawa. Mphwanga wina amene amakonza mafoni kumsika atabwera anangotenga rimoti, n'kulowa pa Date and time, n'kundionetsa: kabokosi kanali katabwerera ku chaka chakalekale. Timabokosi tambiri totchipa tilibe kabatire kosunga nthawi, ndiye magetsi akathima timaiwala tsiku, ndipo tsiku likalakwika mapulogalamu amakana kulumikizana ndi makompyuta a eni ake. Ikani nthawi pa Automatic, ndipo ikakanika ikonzeni pamanja. "Achimwene, zimenezi mukanandiimbira foni," anatero akupukuta m'manja, nsima yanga atadya kale.

Pa nkhani ya magetsi yomweyi, rauta imadya moto wochepa kwambiri. Ka UPS kakang'ono ka marauta, kabatire kosunga moto, kamatha kuisunga yoyaka kwa maola angapo, ndipo MiFi, karauta ka m'thumba, ili ndi batire yakeyake. TV izima ndithu, koma foni kapena laputopu ipitiriza. Apa pokha intaneti imaposa dishi popanda mtsutso.

Khadi la ku banki lakanidwa

Netflix ndi anzake amafuna Visa kapena Mastercard, ndipo amadula mu ndalama zakunja. Khadi likakanidwa, kawirikawiri zifukwa ndi zitatu: silinatsegulidwe kuti lizigula pa intaneti, mwafika pa malire a ndalama zakunja omwe banki imalola, kapena mu akaunti muli ndalama zongokwanira ndendende osawerengera kusintha kwa kwacha ndi kandalama ka banki. Imbani ku banki mufunse za zitatuzi musanayesenso kambirimbiri, chifukwa kuyesa mobwerezabwereza kumatha kutseketsa khadi.

Ambiri amathawira kwa achibale a ku Johannesburg kapena ku Britain kuti awapatse pasiwedi. Kale zinkatheka mosavuta, koma kuyambira 2023 Netflix inayamba kuletsa kugawana akaunti ndi anthu osakhala nyumba imodzi, ndiye musadabwe TV ikayamba kufunsa nambala yomwe yatumizidwa ku foni ya mlamu wanu ali mtulo ku Leeds. Makadi a mphatso a Netflix nawo amagwira pokhapokha mtundu wa ndalama yake ukufanana ndi umene akaunti yanu imalipirira. La ma rand silingakuthandizeni pa akaunti ya madola.

Ndipo dziwani kuti malipirowa amadzibwereza okha mwezi ndi mwezi. Dikoda mukapanda kulipira imangotseka. Izi zimangodula, muonere musaonere. Ine ndimalipira pulogalamu imodzi pa nthawi: mwezi uno iyi, tikamaliza zomwe timafuna ndimaiimitsa tsiku lomwelo, ndipo imapitiriza kugwira mpaka masiku omwe ndalipira atatha.

Nanga mpira?

Apa ndiye pagona nkhani, ndipo sindikunamizani. Ngati chimene mumalipirira dishi ndi English Premier League ndi Champions League, intaneti siikupulumutsirani ndalama zambiri. Ufulu woonetsa ligi ya ku England kuno kum'mwera kwa Sahara uli ndi SuperSport, ndipo Netflix kapena YouTube sizionetsa masewerawo akuchitika. Pa YouTube mupezapo zigoli ndi zidutswa masewera atatha. Komanso mpira sungatsitsidwe usiku ngati filimu, ndipo ndi chinthu chimodzi chimene chithunzi chotsika chimachiwonongadi: pa 360p mpira weniweniwo umasowa, mumangoona anthu akuthamangira chinthu chosaoneka. Masewera amodzi ndi nthawi yopuma ndi pafupifupi maola awiri, ndiye pa HD akhoza kukudyerani mpaka 6GB. Loweruka ndi Lamlungu lokha, masewera awiri tsiku lililonse, mwaona kale kumene bandulo ikupita.

Palinso kuchedwa. Chithunzi cha pa intaneti chimafika mochedwerapo poyerekeza ndi cha dishi, nthawi zina ndi theka la mphindi kapena kuposa. Aneba akuwa kale kuti chalowa, agalu auwa, inu mukuonabe goloboyi akukonza khoma. Palibe batani lokonzera zimenezi. Tsekani mawindo, foni muiike chafufumimba kuti a pa gulu la WhatsApp asakuuziretu.

Ndiye pamabwera anyamata a timabokosi ta "matchanelo onse", kulipira kamodzi pa chaka, mpira wa dziko lonse. Ndinagulako kamodzi. Kanagwira bwino milungu ingapo, kenako kanayamba kuima nthawi yeniyeni ya masewera akuluakulu, pamene anthu ambiri alowa nthawi imodzi, ndipo tsiku lina kanangoti zii. Nambala ya wogulitsa inali yosapezeka. Matchanelo amenewa ndi obedwa, choncho akatsekedwa mulibe kokadandaula, ndipo data amadya chimodzimodzi. Timabokosi tosavomerezeka timeneti nthawi zambiri Netflix yeniyeni imakana kulowamo kapena imangoonetsa chithunzi chotsika, ndipo simudziwa kuti muli mapulogalamu anji obisika. Ine pasiwedi ya imelo kapena nambala ya khadi sindingailembe m'kabokosi kotere. Pogula kabokosi kapena kandodo kobaya ku HDMI (pobayira pa TV), funsani kokhala ndi Google TV kapena Android TV yovomerezeka, ndipo wogulitsa atsegule Netflix ndi YouTube inu mukuona musanapereke ndalama.

Chimene chinandithandiza n'chosavuta: dishi sindinaitsitse padenga, dikoda sindinaigulitse. Ligi ya ku England imayamba mu Ogasiti n'kutha mu Meyi, ndiye Juni ndi Julayi sindilipira. M'miyezi inayo ndimayang'ana ndandanda ya masewera. Mwezi wokhala ndi masewera omwe sindingapirire kuwaphonya ndimalipira, mwezi wina ndimakaonera kwa anzanga kapena pamalo oonetsera mpira, komwe ngakhale timu yanu ikuluza pamakhala woseka naye. Za Bullets, Wanderers ndi Silver, wailesi ikadali mfumu, ndipo siidya bandulo.

Agogo akuti TV yawo mwaiwononga

Vuto lomaliza silili mu waya. Mayi anga amakhala nafe, ndipo kwa iwo TV ndi nambala: kudina kamodzi nkhani za MBC, kudina kawiri mapemphero. Nditawapatsa rimoti yatsopano ya timabatani tochepa n'kuwauza kuti asankhe okha chomwe akufuna, anaiyang'ana ngati ndawapatsa njoka. "Iwe, ine ndikufuna nkhani za 7 koloko, osati zosankhasankha zakozi."

Zoona, Zodiak, Times ndi MBC amaonetsa zina mwa nkhani ndi zochitika zawo pa Facebook, koma kumeneko n'kuwotcha data pa chinthu chomwe chikuuluka kale mumlengalenga. Matchanelo a m'dziko muno amafika kudzera pa eriyo ndi dikoda ya digito monga Kiliye Kiliye, malinga ngati dera lanu likulandira, ndipo njira imeneyo siikhudza bandulo ngakhale TV itayaka kuyambira m'mawa. Ndinamangirira eriyo ku nsungwi kuseri kwa nyumba, dikodayo ndinaibaya ku HDMI 1, kabokosi ka intaneti ku HDMI 2. Masana onse TV imakhala pa 1. Ikafika nthawi ya makatuni kapena filimu, ndimasintha ndekha kupita pa 2, tikamaliza ndimabwezera.

Pa rimoti ya TV ndinamata kapepala koyera pa batani la Source, n'kulembapo ndi bolopeni kuti "Amayi musadine apa". Anadinapo kawiri sabata yoyamba, ulendo wachiwiri n'kupezeka ali pa vidiyo ya munthu wina wa ku India akuphunzitsa kukonza injini ya thirakitala. Anaionera mpaka kumapeto, mphindi 40, pa HD.